Malilo a Vayolini ku Ndake

Ndake, Nyimba
Lolemba, 7 Okutobala 2024

Alongo anga a Webster,

Kunja kwatentha koopsa. Dzuwa lili paliwombo, nkhuku zonse zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Ndakhala pamthunzi wa mango kuti ndikulembeleni, chifukwa mukudziwa kuti pafoni mawu amandithawa. Kalatayi ndipatsila a Abraham a minibasi.

Muli bwanji ku Petauke? Ife kuno sitili bwino. Atate chifuwa chija chabwelanso, ndipo miyendo yayamba kutupa. Mailo Sabata sanapite ku tchalitchi, ndiye mudziwe nokha kuti zavuta.

Mwana wanu Kelly ali bwino, akupita kusukulu. Akamva minibasi yaima kumsewu amathamanga kukaona ngati mwatsika. Koma chimene chandilembetsa ndi azakhali a Keziah. Ayambanso zija zakuti mwana amene amake anamwalila pomubeleka amayenda ndi mphepo zoipa. Akuti matenda a atate abwela chifukwa chomusunga pakhomo pano, ndiye apite kwa abale a amake ku Kacholola, anthu amene sanabwelepo n'kamodzi komwe kudzamuona. Ine ndinasiya sukulu giledi 7 kuti ndilele mwanayu. Ndamubeleka kumsana mpaka wafika zaka zisanu ndi zinayi. Sindikufuna achoke. Koma pamaso pa azakhali pakamwa panga pamauma.

Bwelani mudzalankhule, ndinu bambo wake. Petauke si ku Joni.

Ndine mlongo wanu,
Tasila


Petauke
12 Okutobala 2024

Mlongo wanga Tasila,

Kalata yako ndalandila. Atate uziwapatsa madzi ambili, zikapitilila upite nawo ku chipatala ku Nyimba. Za azakhali usadandaule, ndi umbuli chabe, zidzatha zokha.

Kubwela sindingathe manje. Pasukulu pathu pachitika chinthu chachikulu. Kwabwela alendo a ku Lusaka ndi mavayolini, ndipo ahedi asankha ine kuti ndiziyang'anila ana amene akuphunzila. Vayolini ali ngati kaligo uja atate ankaliza tili ang'ono, koma wa nsambo zinayi, ndipo amamupanila pansi pa chibwano. Alipo ang'onoang'ono, alipo ena aakulu oimika pansi ngati munthu. Akamalila onse pamodzi timati okesitala. Pa 9 Novembala ana athu adzaliza pamaso pa akuluakulu a boma lino.

Sindikufuna Kelly atsalile m'mbuyo chifukwa chokhala kumudzi. Ndatumiza sipika ya sola, kadi ya nyimbo ili kale m'kati, komanso chithunzi cha amene anazipeka. Dzina lake lili pansi pa chithunzicho, Kelly aliwelenge yekha. Anali wansembe wa ku Ulaya zaka mazana atatu zapitazo, ndipo ankaphunzitsa atsikana amasiye kuliza zipangizozi, mpaka anthu ankachoka maiko akutali kudzawamva. Umuuze Kelly zimenezi.

Muzichita motele. M'mawa ndi madzulo usonkhanitse Kelly ndi anzake aja a nyumba yoyandikana, Chance ndi Wiseman. Akhale chete, atseke maso. Muyambe ndi nyimbo nambala 2 chifukwa ndi yodekha, mwana amamva nsambo iliyonse. Muziibweleza yomweyo mpaka ndidzakuuzeni, osadumphila kutsogolo. Ikatha uwafunse chimene aona m'maganizo mwawo, undilembele mayankho. Uwauzenso kuti kale nsambo ankapanga ndi matumbo a nkhosa, ndipo uta wake amamanga ndi ubweya wa kumchila kwa hachi. Ana amakonda zotelezi.

Moni kwa atate.

Webster


Ndake
Lachinayi, 17 Okutobala 2024

Alongo anga,

Moni kwa inu. Katoni yafika. Poitsegula ndimayesa muli mankhwala a atate.

Tachita monga munanenela. Timapita kuseli kwa khola kuti atate asamve phokoso. Ndikuuzeni zoona, ine nyimbo yanuyi ikundinyansa. Ikulila ngati udzudzu wadzaza m'ndowa yovundikila, kenaka ngati munthu akunola chikwanje mwaulesi. Ilibe mawu, ilibe ng'oma, sudziwa poombela m'manja. Ndipo chiwelengele za matumbo a nkhosa, ikangoyamba ndimamva fungo la pophela mbuzi. Ndimachepetsa mawu mpaka pansi kuopa kuti anthu angamve, chifukwa ikufanana ndi zija wailesi imaliza tsiku lonse dziko likakhala pa malilo a munthu wamkulu.

Mayankho a ana ndi awa. Chance ataona chithunzi anati, "Anti, agogo aakaziwa asamba liti tsitsi?" Wiseman atatseka maso anati waona ng'ombe yotsekeledwa m'khola ikufuna mwana wake. Tsiku lachiwili onse awili anathawila ku mpila.

Watsala ndi Kelly. Amaika sipika pamiyendo ngati khanda. Nditamuuza za atsikana amasiye aja anandifunsa ngati nawonso abambo awo ankakhala ku Petauke. Za chimene akuona m'maganizo, akuti akuona inu mukutsika minibasi ndi chikwama.

Atate usiku sakugona, kupuma kukuvuta. Mailo Lachisanu m'mawa ndikupita nawo ku chipatala. Kelly azigona kwa amake Chance, masana azibwela kudzapatsa nkhuku madzi. Ngati simungabwele ku Ndake, bwelani ku Nyimba, ndi pamsewu waukulu pomwe.

Tasila


Ku chipatala, Nyimba
Lachiwili, 22 Okutobala 2024

Alongo anga,

Atate ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mwina mwamva zina.

Anawagoneka Lachisanu, anawabaya majakisoni, ndipo pofika Sabata anayamba kudya. Foni yanga inazima Loweluka, magetsi kuno amangobwela anthu atagona. Zimene zinachitika kumudzi wandifotokozela ndi amake Chance, zina ndakaona ndi maso anga.

Sabata madzulo Kelly anakhala yekha pakhonde ndi sipika, kuchita zimene bambo wake analamula. Panalibe ine wochepetsa mawu, ndiye anakweza mpaka kumapeto. Anali kulila. Azakhali a Keziah amadutsa kuchokela ku msonkhano wa amai. Anamva nyimbo ya malilo a dziko, anaona chitseko chotseka, anaona mwana ali misozi chuchuchu. Sanafunse. Anadzigwetsa pabwalo n'kuyamba kulila atate, "Febian mlongo wanga iwe, wandisiyila yani ine!"

Mukudziwa mmene mfuwu umayendela kwathu. Dzuwa lisanalowe masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Kelly anayesa kulankhula, koma amai anamukumbatila n'kumati, "Lila mwana, lila, usazisunge mumtima." Anaimbila foni yanga, yozima, iwo anati ndiye kuti Tasila wakomoka ndi chisoni. Anakuimbilani inu, simunayankhe.

Mailo Lolemba m'mawa ndikuwasendela atate nthochi pabedi, ndinangoona jekete lawo la ku tchalitchi likulowa pakhomo la wodi. M'kati mwa jekete munali atate aang'ono a Titus. Nsapato zakuda zija za atate zinalinso kumapazi kwawo. Anabwela ndi lole, bokosi lili pamwamba. Anayamba apita ku nyumba ya chisoni, kumeneko anawauza kuti dzina limenelo kulibe, ndiye amabwela kudzakalipila anesi kuti ataya mtembo.

Anaima pakati pa wodi, pakamwa pali pululu. Atate anatafuna nthochi yawo mpaka kumeza, n'kunena kuti, "Titus, likukukwana?"

"Akulu, ife tinamva kuti..."

"Ndafunsa za jekete. M'mapewamo silikuthina?"

Odwala onse anaseka, wina mpaka dilipi inagwedezeka. Ine sindinaseke. Ndinafuna pansi patseguke.

Ndinasiya atate ndi amai ena a bedi loyandikana, ndinakwela lole yomweyo kupita kumudzi, nditakhala pambali pa bokosi la atate anga amoyo. Alongo, zimene ndinapeza sindidzaiwala. Mipando yonse panja. Mbuzi yanga ya mawanga, ija inali ndi bele, chikopa chake chili pa mtengo, ntchentche zili ng'waa. Chimanga chimene tinasunga chaka cha chilala chino anachipititsa ku chigayo. Kuseli kwa nkhokwe kuli masanzi a kachasu. Sutikesi ya atate yotsegula, zovala zogawidwa milu pamphasa, njinga kulibe, pulawo kulibe. Munthu sanazizile n'komwe, sanafe n'komwe. Ndipo adzukulu anali atamaliza kukumba manda.

Atamva kuti atate ali moyo, amai ena analeka kulila pakati pa mfuwu ngati wailesi yothela mabatile. Ena anayamba kubweza mapoto mwakachetechete. Panalibe amene anapepesa. Manyazi onse anafuna pogwela, ndipo anagwela pa Kelly. Azakhali anamuloza chala pamaso pa anthu. "Sindinanene ine? Mwana uyu walaula. Anadya amake, manje akuitanila agogo ake imfa ndi nyimbo za mizimu." Anthu amene pakamwa pawo panali mafuta a mbuzi yanga anavomeleza ndi mitu.

Manda okumba sasiyidwa opanda kanthu, ndiye anadula thunthu la nthochi n'kulikwilila m'menemo. Ankafuna kuponyamonso sipika, koma Kelly anaibisa, ndipo sananene kumene ili ngakhale azakhali atamutsina khutu. Agwilizana kuti atate akatuluka pakhale bwalo la banja, mwanayu apelekedwe ku Kacholola.

Ndabwela naye kuno, tikugona limodzi kumene amagona osamalila odwala. Anzake akumutcha Kamalilo. Chichokeleni kumudzi sanalankhule mawu ngakhale amodzi.

Ndinu munatumiza chinthuchi. Ndinu munati m'mawa ndi madzulo. Bwelani mudzanene zimenezi ndi pakamwa panu.

Tasila


Petauke
21 Okutobala 2024

Tasila,

Kalata yako ya pa 17 yandipeza lelo. Wachita bwino kupita nawo atate ku chipatala.

Mayankho a ana andisangalatsa. La Wiseman la ng'ombe ndi lanzelu, ndawauza alendo athu ndipo alilemba. Koma iwe wandikhumudwitsa. Nyimbo imene yakhala zaka mazana atatu ungaiyelekeze ndi udzudzu? Khutu limaphunzitsidwa ngati mmene timaphunzitsila dzanja kulemba. Ndipo usamachepetse mawu. Nyimbo zotele zimafuna mpata, umuuze Kelly azikweza kuti amve nsambo zikuluzikulu za pansi. Mudzi wonse ukamva, ndi phindu lawo.

Mailo madzulo atate aang'ono a Titus anandiimbila kambilimbili. Ndinali ndi ana pa maphunzilo, foni ndinaiika m'thumba. Ndikudziwa ndi nkhani ya feteleza, uwauze adikile.

Ana athu manje akugwila uta bwino. Kamtsikana kena ka giledi 4, msinkhu wa Kelly, kakuliza mzele wonse osalakwitsa. Ndikakaona mtima umandiuza kuti ntchito yanga ili ndi tanthauzo.

Webster


Petauke
29 Okutobala 2024

Mlongo wanga,

Makalata athu anadutsana panjila. Ya pa 22 ndaiwelenga kawili. Ndathokoza Mulungu kuti atate ali bwino. Nkhani ya jekete ndinawawelengela aphunzitsi anzanga mu ofesi, ena anaseka mpaka misozi. Mmodzi wa alendo athu akuti idzakhala chitsanzo chabwino akamakafotokoza ku Lusaka chifukwa chake ana akumidzi ayenela kuphunzila nyimbozi.

Za Kelly zandipweteka. Koma undimvetse, kwatsala masiku ochepa, ndikachoka ine zonse zigwa. Uwauze azakhali kuti ndine ndinalamula, uwaonetse kalata yanga. Zikakanika, mwanayo apite kaye ku Kacholola mpaka anthu aiwale, ine ndidzamutenga mu Disembala sukulu ikatsekela. Mwina ndi bwinonso, kuno adzagwila vayolini weniweni.

Sipika isanyowe, ndi ya alendo.

Webster


Ndake
Sabata, 10 Novembala 2024

Alongo anga a Webster,

Mvula yoyamba yagwa lelo m'mawa, kunja kukununkhila dothi. Tili bwino. Ndikhulupilila ana anu a ku Petauke analiza bwino mailo.

Makalata anu onse awili anafika tsiku limodzi. Sindinawaonetse azakhali, sindinawaonetse Kelly. Nditawelenga zakuti munaseketsa anzanu ndi manyazi a nyumba yathu, ndinakumbukila chikopa cha mbuzi yanga chili pa mtengo. Ndipo mwana akachoka pakhomo anthu akumutcha Kamalilo, ndiye kuti tavomela kuti ndi zoona. Dzina lotelo silitsala ku Kacholola, limakwela naye minibasi.

Atate anatuluka m'chipatala Lachitatu. Bwalo linakhala mailo masana, nthawi yomwe inu munali ndi akuluakulu a boma. Atate anakhala pampando wawo pansi pa mango, miyendo pa kampando. A Titus anabweletsa jekete lochapa ndi nsapato m'pulasitiki. Za njinga anati ili ndi pankicha.

Azakhali analankhula nthawi yaitali. Anati iwo ndi mkhristu, sadana ndi mwana, koma pali zinthu zimene maso aona. Anati nyumba imene mwalilidwa munthu wamoyo siyela mpaka choyambitsa chichoke. Anthu anati, "Eee, n'zoona." Kelly anali kumbuyo kwanga, atagwila chitenje changa.

Ndinadikila kuti wina ayankhe. Ndinayang'ana kumsewu. Kenaka ndinangozindikila kuti ndagwada pakati.

Ndinati, "Azakhali, munamufunsa mwanayu?"

Anati, "Iwe Tasila, walankhula liti pa bwalo?"

Ndinati, "Lelo. Mwana sanaphe mbuzi. Mwana sanatsegule sutikesi. Mwana sanavale jekete."

Ndinabwelela pamalo panga. Azakhali anayamba kukuwa kuti ndawatukwana. Atate anagogoda ndodo pansi.

"Ndamva kuti ndinaikidwa ndi nyimbo," anatelo. "Mwini malilo sindinaimve. Kelly, katenge."

Kelly anayang'ana ine. Ndinamugwedezela mutu. Anapita m'khola la nkhuku n'kutuluka nayo, itakulungidwa m'thumba la feteleza. Anaika pamphasa, anayatsa nambala 2.

Amai ena anafunda zitenje kumutu. Azakhali anati, "Zimitsani, mutiitanila zina!" Atate anangokweza chala. Anamvetsela atapendeketsa mutu ngati mmene amachitila akamamvela mvula ikubwela. Kenaka anati, "Awa ndi akaligo. Ambili. Wamkulu uyo akuyenda pansi, ang'ono akumulondola."

Itatha, chala cha Kelly chinapita kuti abwezele pachiyambi, monga mwa lamulo lanu. Atate anati, "Ukutani?"

Anayankha, ndipo anali mawu ake oyamba chichokeleni tsiku lija. "Adadi anati tisadumphile kutsogolo."

"Adadi ako ali kuti? Woliza kaligo sasiya anthu ali pansi chonchi. Ileke ipite."

Alongo, inu mukuidziwa nambala 3, ife sitimaidziwa. Inabuka ngati mbuzi zotsegulilidwa khola. Nsambo zonse kuthamangitsana, kugwa, kudzukanso. Wiseman, uja anathawila ku mpila, anayamba kudumpha kuseli kwa anthu mpaka amake anamuponyela patapata. Ndinaona phazi la atate lotupa lija likugunda pa kampando. Amai aja anavundukula zitenje mmodzimmodzi, osayang'anana.

Itatha atate anati, "Mwamva? Wansembeyu sanali pa malilo. Amangokoka mpweya kuti athamange. Amene munathamangila ku manda ndinu." Anatembenukila kwa azakhali. "Keziah, unandilila bwino, ndamva kuti mawu anafika mpaka kutsidya. Uwasunge, udzawafuna. Koma mwana uyu sachoka. Pa anthu onse amene analila pabwalo pano, ndi yekhayu amene analila osayang'ana chotenga."

Azakhali ananyamuka osatsazika. Koma ine ndikudziwa amene Kelly ankamulila pakhonde paja. Sanali agogo ake.

Njinga yabwela lelo m'mawa, ilibe pankicha. Atate achotsa waya wa buleki, akuti akumupangila Kelly kaligo. Chikopa cha mbuzi yanga ndiye chikutila chibade chake, uta amanga ndi khonje. Ndiye matumbo a nkhosa ndi mchila wa hachi sitizifuna. Mailo Lolemba Kelly abwelela kusukulu, ndimupelekeza ndekha mpaka pakhomo la kalasi. Mu Disembala musavutike kudzamutenga. Mukafuna kumuona, njila mukuidziwa.

Sipika ya alendo anu ndipatsila a Abraham pamodzi ndi kalatayi. Sinanyowe. Ine nyimbo zanu sindinazikondebe, koma yachitatuyo ndikhoza kuipilila.

Atate akuti ndikuuzeni mawu awa monga mmene awanenela. Anthu amene anamva bodza lakuti ndafa anabwela ndi miyendo usiku womwewo. Mwana wanga amene anamva zoona zakuti ndikudwala ananditumizila wansembe.

Munati ndizikulembelani zimene ana akuona akatseka maso. Ndamufunsa Kelly za nambala 3 tisanatseke katoni. Ndinati, "Nanga minibasi ija?" Akuti mulibe minibasi. Akuti akuona mvula chabe, ndi agogo akupalasa njinga.

Ndamaliza kulemba lelo Sabata, 16 koloko, mvula ikuyambanso.

Ndine mlongo wanu,
Tasila